Tsache la a Kodera

Mu kanjira ka kwa a Ibuki munthu amasesa pakhomo pake, kenako n'kulowetsa tsache mkono umodzi mbali ya mnzake wa kumanja, mkono umodzi mbali ya wa kumanzere, basi. Ukalekezera pamalire penipeni, anthu amati ndiwe wouma mtima. Koma ukapitirira mkono umodziwo n'kumusesera mnzako mpaka pachitseko, ndiye kuti wamutukwana pagulu. Wauza dera lonse la Nishijin kuti mayi wa pakhomopo ndi mlesi, kapena kuti wakalamba, watha ntchito. Ife obadwira mu Kyoto timangokula tikuzidziwa zimenezi. Wobwera amazidziwa tsiku limene anthu asiya kumuyankha moni.

Fukiko Kodera ankazidziwa bwino, ngakhale anali wobwera. Analowa mu kanjirako ali mtsikana wongokwatiwa kumene, akuchokera kumudzi wa asodzi kumpoto, ndipo imvi zinamumerera momwemo, komabe akatuluka pang'ono anthu ankamutchulabe kuti "uja wa kunyanja". Kanjirako n'kopanda potulukira, kopapatiza moti awiri onyamula maambulera sangadutsane. Nyumba zake n'zamatabwa, zakalekale, zogundana khoma ndi khoma, zonse zalendi, zonse za banja la Ibuki. Kumathero kwenikweni, kumene nthambi za mtengo wa kukachisi zimadumphira mpanda, kunali nyumba ziwiri: yomaliza ya Mayi Nakagiri, mkazi wamasiye wophunzitsa kukonza maluwa, ndi yoyandikana nayo ya Fukiko ndi mwamuna wake Genzo.

Genzo anawomba nsalu za malamba a kimono, chovala chachikhalidwe cha kuno, moyo wake wonse. Maso atafooka anasiya, ndipo patapita zaka mutu nawo unayamba kumuthawa. Ankaiwala kuti wadya. Ankafunsa za anthu amene anawaika m'manda yekha. Koma miyendo yake sinaiwale kanthu. M'mawa ankatenga kapoto kupita kwa wogulitsa tofu, chakudya cha soya, pobwerera n'kuweramira fano la Jizo la pakona, masana n'kupita kubafa ya onse thaulo lili paphewa, n'kubwerako yekha. Zonsezi zinali m'misewu itatu yomweyo imene anayendamo kuyambira ali mnyamata. Amene ankakumana naye ankangoti a Kodera akukalamba bwino.

Fukiko yekha ndiye ankadziwa chimene chinachitika tsiku lina kuchipatala, kutsidya kwa mtsinje. Atakhala pabenchi kudikira dokotala, Genzo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaweramitsa mutu mwaulemu.

"Pepani amayi, kodi inunso mukudikira munthu?"

Njira yonse yobwerera Genzo ankamuthokoza, ati ndinu amayi abwino, mukuperekeza munthu wosamudziwa. Koma atangolowa m'nyumba mwawo, n'kuvula nsapato pamwala wa pakhomo, n'kumva fungo la matabwa ndi msuzi wa dzulo, anatembenuka nkhope itakwinyika.

"Iwe Fukiko, unali kuti tsiku lonseli? Tiyi!"

Fukiko sanakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo anadziwa kuti mwamuna wake akumudziwa chifukwa cha nyumbayo. Mkati mwa makoma amenewo iye anali Fukiko. Kunja kwake anali mayi wina aliyense. Nyumba ija ikanawachoka, Genzo akanatsala wamoyo koma Fukiko akanakhala wamasiye.

Masamba atayamba kuyoyoka, Mayi Ibuki, eni nyumba, anabwera kumathero a kanjira atanyamula timabokosi tiwiri ta maswiti. Alandilodi akakubweretsera maswiti, yamba kuyang'ana zingwe zomangira katundu. Anagogoda zitseko zonse ziwiri, naima pakati.

"Abale anga, ndikuchita manyazi kwabasi. Ndi mwana wanga uja, mukumudziwa, samva. Akuti nyumba imodzi ya kuno kumathero ikhale yogonamo alendo odzaona mzinda. Imodzi yokha. Ine ndamuuza kuti anthu awa ndi abale athu, koma ana a masiku ano! Sitinasankhe ayi. Tiona chaka chisanathe. Musade nkhawa ngakhale pang'ono."

Mayi Nakagiri anawerama, Fukiko anawerama. Onse anathokoza maswitiwo. Sanayang'anane.

Akazi awiriwa sanali adani. Bambo Nakagiri atamwalira, Fukiko ndiye anaphikira anamalira. Fukiko atathyoka mkono, Mayi Nakagiri ankamuchapira. Koma Mayi Nakagiri anabadwira m'nyumba imene ankakhalayo, mayi awonso anabadwira momwemo, ndipo analibe mwana, analibe kwina kopita. Madzulo a tsikulo aliyense anadya mwakachetechete mbali yake ya khoma, akumva timitengo todyera ta mnzake tikugunda mbale.

Ndiye tsoka silisankha tsiku. Sabata yomweyo Fukiko anadzidzimuka m'bandakucha n'kupeza pogona pa Genzo pali pozizira. Kunja kunkamveka shwe, shwe, shwe. Anatsegula chitseko. Genzo anali ndi tsache m'manja, ndipo pakhomo pa Mayi Nakagiri panali mbee, kuyambira kumpanda mpaka pachitseko, ngakhale pansi pa miphika ya maluwa. Tsamba ndi limodzi lomwe panalibe.

"Bambo! Mukutani?" ananong'oneza.

"Abwana asanadzuke," anayankha Genzo osatukula mutu. "Akapeza tsamba, ndilibe chakudya cha m'mawa."

Apa Fukiko anamvetsa. Genzo anabwera mu kanjirako ali kamnyamata kophunzira ntchito kwa agogo Ibuki, amene panthawiyo anali ndi makina owombera nsalu m'nyumba zonsezo. Wophunzira ntchito ankasesa kanjira konse, kuyambira kumathero, kenako n'kukayatsa moto. Mutu wa Genzo unali utabwerera komweko.

Fukiko anamukoka malaya. "Tiyi wapsa, bambo. Lowani."

Analowa, nakhala pamalo pake, n'kumutchula dzina. Koma kunja kunali kutukwana kwa mtundu woipitsitsa, koyalidwa poyera kuti aliyense wodzuka akuone, pa nthawi imene alandilodi ankayesa nyumba ziwirizo pasikelo. Anthu akanati a Kodera akuonetsa a Ibuki kuti mayi wa kumatheroyo sakuthanso kusamala pakhomo. Ndipo Fukiko sakanatha kufotokoza popanda kuulula za mutu wa mwamuna wake.

Munthu wa kwina akanangoseka n'kukapepesa. Fukiko anali atakhalitsa pakati pathu. Anatenga thumba limene Genzo anawoleramo masamba, natuluka mwakachetechete, n'kuyamba kuwabwezera pakhomo pa Mayi Nakagiri. Sanangowakhuthula ayi. Anawawaza monga mphepo ikanawawazira, ambiri kumpanda, ochepa pakati, awiri atatu pamwala wa pachitseko. Kenako anayeza mkono umodzi kuchokera pamalire, n'kusiya pamenepo poyera, monga mnansi wabwino amachitira. Atamva Mayi Nakagiri akutuluka ndi tsache lawo nthawi yawo yamasiku onse, anapumira m'mwamba.

Mawa lake zinachitikanso. Fukiko anabisa tsache, Genzo n'kutenga la m'nyumba loseserera mikeka. Anabisa limenelonso, Genzo n'kumatola masamba ndi manja atagwada pamiyala yozizira. Anayesa kukhoma chitseko, Genzo n'kuyamba kulira ngati mwana, akumenya matabwa, ati abwana andimenya, ndipo khoma lake n'lopyapyala moti woyetsemula kuno amayankhidwa uko. Fukiko anatsegula msanga. Ndiye inakhala ntchito yawo ya m'mawa uliwonse: mwamuna kusesa, mkazi kumulowetsa ndi tiyi, mkazi kutulukanso ndi thumba. Mayi wa imvi, mawondo opweteka, kumwaza zinyalala pakhomo pa mnzake pofuna kumusungira ulemu! Ndipo luso linabwera. Anafika podziwa mmene tsamba lonyowa ndi mame limagonera.

M'mawa wina, dzanja lili m'mwamba masamba akugwa m'zala, chitseko cha Mayi Nakagiri chinatseguka pang'onopang'ono. Mayiwo anali atavala kale, tsitsi atalimanga bwinobwino, ngati munthu amene wakhala akudikira basi.

"Mwadzuka bwanji, a Kodera. Mwalawiratu lero."

Anayang'ana thumba, anayang'ana masamba amene anagwera pamapazi awo, natseka chitseko.

Fukiko anazungulira m'nyumba m'mawa wonse ngati nkhuku yofuna poikira. Masana, Genzo atapita kubafa, anatenga kambale ka mpiru woviika mumchere n'kukagogoda. Mayi Nakagiri anamulandira pakhomo, osamulowetsa.

"A Nakagiri, zimene munaona zija sizili mmene zikuonekera. Mwamuna wanga..."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Khoma ili ndi pepala, a Kodera. Ndimamva akamaitana abwana amene anamwalira ine ndili mtsikana. Ndipo zenera langali lili ndi mipata. Ndakhala ndikukuonererani kuyambira tsiku loyamba. Mumawaza bwino, ndisaname. Mphepo yeniyeni siifika pamenepo."

Fukiko anamva misozi ikubwera, ya chimwemwe, wopusayo. "Ndiye mukudziwa kuti sindinachite mwachipongwe. Ndimafuna kuti musachite manyazi."

"Ine za mumtima mwa munthu sindiziona. Ndinaona mayi akutaya zinyalala pakhomo panga, ndipo ndi zimene ndawauza a Ibuki m'mawa uno. Akutiitana mawa masana."

"Mwawauza? Koma inu mukudziwa zoona zake!"

"Mukawauze inuyo zoonazo. Pakamwa muli napo." Mayi Nakagiri anatsitsa mawu, nkhope ikumwetulirabe. "Mukawauze kuti m'nyumba yawo yamatabwa, pakati pa nyumba zamatabwa, muli bambo amene sadziwa chaka chimene tilimo. Amene angayatse chitofu n'kupita kukagula tofu. Mukuganiza kuti adzagona tulo a Ibuki?"

Kuno mungatukwane munthu, mungamubere mwamuna, anthu adzakambirana n'kuiwala. Koma moto ayi. Tinakula tikumva za madera athunthu amene anapsa chifukwa cha mbaula imodzi, ndipo pakhomo lililonse pali ndowa yofiira ya madzi.

"Ndinakuphikirani pamaliro a amuna anu," anatero Fukiko.

"Munaphika bwino. Sindinaiwale. Koma nyumba zili ziwiri, a Kodera, ndipo yotsala ndi imodzi. Inu muli ndi mwana ku Osaka. Ine ndili ndi miphika ya maluwa." Analandira kambale kaja ndi manja awiri. "Zikomo chifukwa cha mpiru. Mumaviika bwino anthu a kunyanja."

Fukiko anaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo anasankha. Mkangano wa amayi awiri alandilodi angathe kuukhululuka, makamaka wolakwa akadzichepetsa mokwanira. Nkhani ya moto sangaikhululuke. Ndiye bola akhale mfiti ya mu kanjira, anthu amulavulire akadutsa, koma Genzo akhalebe pamalo pake akuitanitsa tiyi.

Mawa lake anamupatsa Genzo thaulo, namuperekeza ndi maso mpaka atakhota kulowera kubafa, kenako anavala kimono yake yabwino n'kupita kunyumba yaikulu ya a Ibuki, pakamwa pa kanjira. Anamulowetsa m'chipinda cha alendo chimene chimayang'ana pabwalo lakutsogolo. Mayi Nakagiri anali atakhala kale, msana chilili.

"A Kodera," anayamba Mayi Ibuki akuthira tiyi, "ine sindinakhulupirire. Ndinati mwina a Nakagiri anaona molakwika, kunali kusanayere."

"Anaona bwino, mayi. Ndinachitadi."

"Kamodzi?"

"Kambiri."

"Aa! Koma chifukwa chiyani, abale? Anakulakwirani chiyani?"

Fukiko sanakonzekere funso limenelo. Anayang'ana Mayi Nakagiri, mwina angamuthandize ndi liwu limodzi. Mayiwo ankayang'ana m'kapu yawo mwachidwi, ngati muli nsomba.

"Nsanje," anatero Fukiko.

"Nsanje ya chiyani? Tiuzeni bwinobwino, kuti nkhaniyi ithe lero."

Ndiye anayenera kupeka. Anati ankachita nsanje ndi maluwa awo. Anati ankapsa mtima akamaona ophunzira ovala bwino akulowa kwa a Nakagiri pamene kwa iye sikubwera munthu. Anati ankafuna kuti a Ibuki aone pakhomopo pali pauve, nyumba imene ichotsedwe ikhale imeneyo. Liwu lililonse linkatuluka ngati akudzizula dzino. Mayi Ibuki ankangoti "Ho! Ho!" akugwedeza mutu, ndipo kunena zoona ankamva kukoma. Nkhani ngati imeneyi ikanawadyetsa alendo awo mpaka chaka chamawa.

"Mwaona, a Nakagiri," anatero pomaliza, "munthu wavomera yekha. Ndi mantha awa, si mtima woipa. Mwina ndi ine ndinalakwa kukuopsezani ndi nkhani ya nyumba. A Kodera akhala nafe zaka zambiri, ndipo amuna awo anagwirira ntchito apongozi anga. Apepese, tiiwale. Za nyumba ndiyesa kumuuza mwana wanga ayang'ane kwina."

Zinali kutheka! Fukiko anasuntha pamtsamiro, naika manja onse awiri pamkeka, n'kutsitsa mphumi mpaka pansi patsogolo pa mawondo a Mayi Nakagiri.

"Ndakulakwirani kwambiri. Ndine munthu wachabechabe. Ndikhululukireni."

Mayi Nakagiri anamusiya ali chiweramire, khosi likuwawa, magazi akuthamangira kumaso. Ndipo ali pansi pomwepo, mphumi ili pamkeka, Fukiko anamva phokoso limene ankalidziwa kuposa kupuma kwake.

Shwe, shwe, shwe.

Tsikulo bafa inali yotseka. Fukiko anaiwala, m'mutu muli nkhani ya mlandu. Genzo atapeza chitseko chotseka anabwerera, napeza kunyumba kulibe munthu, tsache lili pakhomo. Tsopano anali pabwalo la a Ibuki, dzuwa lili pamutu, thaulo atalimanga m'mutu monga ankachitira anyamata ophunzira ntchito. Anali atasesa kanjira konse, khomo ndi khomo, mpaka pazitseko, ndipo amayi a nyumba zina anali ataima m'makomo mwawo akuonerera.

Anafika pakhonde la chipinda cha alendo, naona Mayi Ibuki, n'kuwerama mpaka m'chiuno.

"Mayi, ndamaliza kusesa. Abwana sanadzuke?"

"A Kodera?" anatero Mayi Ibuki. "Abwana ati?"

Genzo anayang'ana akazi ena awiriwo. Anayang'ana Fukiko, amene anali atadzutsa mutu, chizindikiro cha mkeka chili pamphumi. Inali nyumba ya eni, ndipo mkazi wovala kimono yabwinoyo sanamudziwe.

"Pepani, sindinadziwe kuti kuli alendo. Takulandirani, amayi." Anatembenukiranso kwa Mayi Ibuki, nkhope ikuwala ngati ya mwana wofuna kuyamikiridwa. "Ndikayatse moto tsopano? Machesi ndili nawo."

Ndipo anawatulutsadi m'thumba, n'kuwagwedeza kuti amveke.

Mayi Ibuki anaika kapu pansi pang'onopang'ono, maso ali pa kabokosi ka machesi. Apa m'pamene Mayi Nakagiri anatembenukira kwa Fukiko.

"Ndakukhululukirani, a Kodera," anatero mokoma. "Dzukani, mungapweteke msana."

Palibe anawathamangitsa. Kuno sitithamangitsa munthu. Mayi Ibuki anangobwera ndi maswiti ena, akulira misozi yeniyeni, ati akudera nkhawa a Genzo, nyumba yakale ili ndi masitepe oopsa, kuzizira kumalowa, munthu wodwala amafunika malo amakono. Anawapezera okha fulati kummwera kwa mzinda, pamwamba pa mdadada wa simenti, ya chitofu chamagetsi. Ndipo bodza limene Fukiko anadzinenera silinafufutike. Mu kanjira anthu anasunga nkhani zonse ziwiri: mwamuna wake ndi wozungulira mutu, iyenso ndi uja ankataya zinyalala pakhomo pa mnzake chifukwa cha nsanje, anavomera yekha. Tsiku losamuka aliyense anatuluka kudzawerama. Mayi Nakagiri anabweza kambale ka mpiru kaja katatsukidwa bwino.

Ku fulati Genzo sanavule nsapato. Anakhala pampando pafupi ndi chitseko, chipewa chili pamawondo, ngati munthu wodikira sitima. Fukiko anayala zinthu monga zinalili kwawo, kabati kumanzere, wailesi pamwamba pake, mtsamiro wa Genzo pafupi ndi tebulo. Anaphika msuzi womwewo kuti fungo lidzaze. Sizinathandize.

"Bambo, tiyi."

"Zikomo amayi, mwandisamala. Koma ndisakhalitse, mkazi wanga akundidikira kunyumba."

"Ndine mkazi wanu, bambo. Ndine Fukiko."

Genzo ankaseka mwaulemu, monga umasekera nthabwala ya munthu amene wakupatsa malo. "Nayenso ndi Fukiko. Mungagwirizane."

Miyezi yozizira inatha choncho. Fukiko ankamusambitsa, Genzo n'kumabisa thupi mwamanyazi. Ankagona chipinda chimodzi, Genzo n'kukokera zofunda zake kukhoma kuti anthu asamunenere zoipa mayi wachifundoyu. Mwana wa ku Osaka ankaimba foni Lamlungu n'kumati, "Koma akudya eti? Ndiye zili bwino." Dzina lake Fukiko ankalimva tsiku lililonse, koma likunenedwa za munthu wina amene anali kwina. Anafika pomuda mkazi ameneyo.

M'mawa wina, kunja kutayamba kufunda, anatuluka kukataya zinyalala n'kuiwala kukhoma. Pobwera anapeza mpando uli wokha. Sanaimbire apolisi, sanafunse aliyense. Anakwera basi yopita kumpoto, maso ali pazenera, ndipo atatsika anadutsa kwa wogulitsa tofu, amene anamuona n'kuyang'ana kumbali. Anadutsa Jizo wa pakona, nalowa mu kanjira.

Genzo anali kumathero. Mmene anayendera mtunda wonsewo, miyendo yake ndiyo ikudziwa. Nsapato zinali zitatuwa ndi fumbi, chipewa atachitaya penapake. Nyumba ija anali ataipaka mafuta matabwa mpaka kunyezimira, pamwamba atapachika nyali yapepala yolembedwa dzina lachilendo, ndipo pachitseko panali loko wa manambala. Alendo ogona masiku awiri sasesa. Pakhomopo panali masamba akale, zotsalira za ndudu ndi kapepala ka maswiti, ndipo mbali zonse ziwiri panaoneka mzere woongoka pamene matsache a anansi ankalekezera.

Genzo ankagogoda ndi chikhatho, modekha.

"Fukiko. Tsegula, ndabwera."

Fukiko anaima kumbuyo kwake. "Bambo, ndili pano."

Genzo anacheuka, namuzindikira kuti ndi mayi wachifundo uja wa ku fulati. Anachita manyazi pang'ono.

"Aa, amayi, mwavutikiranji kunditsatira? Ndafika kwathu. Ali mkatimu, koma makutu ake masiku ano." Anagogodanso mwamphamvu. "Iwe Fukiko! Kuli mlendo kuno!"

Chitseko chimene chinatseguka chinali cha pambali. Mayi Nakagiri anatuluka ndi tsache lawo, tsitsi atalimanga bwinobwino.

"Aa, a Kodera! Mwatiyendera? Mukuoneka bwino nonse. Mpweya wa kummwera ukukuyanjani."

Anayamba kusesa kuchokera kumpanda, osafulumira, pansi pa miphika ya maluwa, pamwala wa pachitseko, mpaka pamalire. Kenako analowetsa tsache mbali ya nyumba ya alendo. Phazi la Genzo linali mkati mwa mkono wawo umodzi uja.

"Tasunthani phazi pang'ono, bambo."

Genzo anasuntha, napepesa. Mayi Nakagiri anasesa pamene panali phazipo, nalekezera pamzere wawo ndendende. Anawola zinyalala zawo, nawerama, n'kulowa. Chitseko chinatsekeka bwinobwino, osamveka n'komwe.

Genzo anayang'ana loko wa manambala uja, namukhudza ndi chala, osamvetsa. Kenako anasuntha pang'ono kuti ampatse malo mayiyo pamwala wa pakhomo.

"Mwina wapita kukagula tofu. Sachedwa ameneyu. Khalani apa amayi, timudikire limodzi, mumuone."

Fukiko anakhala pamwalapo, pakati pa zotsalira za ndudu, pambali pa mwamuna wake, ndipo anayamba kumudikira Fukiko.